Nkhuku za a Tsokonombwe

A Mbewe tidawaika m'manda sabata yatha, ndipo mwa amuna asanu ndi mmodzi amene tidanyamula maliro awo, asanu tidali kuyenda pa miyendo imene iwo adalumikiza. Wachisanu ndi chimodziyo adamubwezera phewa. Palibe adalira mokweza. Kunena zoona, tinkawaopa ali moyo, ndipo tidawaopabe atakulungidwa m'mphasa. Mnzanga wa kumbuyo kwanga atapunthwa pa muzu, tonse tidayang'ana kumutu kwa malirowo, kudikira kuti atikalipire chifukwa cha kuponda mosasamala.

Kuseri tinkawatchula kuti a Tsokonombwe. Mwendo wawo wamanzere udali wopindika pamsongolo, waufupi kuposa unzake, kotero kuti poyenda ankachita ngati akudumpha. Mwendowo ankaubisa ndi nsalu yaitali yofika m'kakolo, ngakhale kutenthe bwanji. Pamaso pawo sukadayerekeza kutchula dzinalo. Zinkangokhala "a Mbewe, a Mbewe," manja ali pamodzi.

Nyumba yawo idali kumapeto kwa mudzi wathu, pamene njira yochokera ku boma la Dowa imayamba kukwera kulunjika ku Ntchisi. Aliyense wodya thukuta la miyendo yake ankadutsa pamenepo: amtengatenga ndi mitolo ya nsalu ndi mchere yochokera kunyanja, othamangitsa makalata, ndi ife a machila. Ife tinkadziyesa eni njira, chifukwa tinkathamanga titanyamula mzungu uku tikuimba, atsikana n'kumasiya kusinja kuti atione. A Mbewe ankakhala pamwala wina pansi pa msuku wa pakhomo pawo, ndipo sankayang'ana munthu kumaso. Maso awo ankathera m'mapazi.

Mwadzidzidzi unkangomva, "Iwe wa nsalu yofiirawe, tabwera kuno." Ukayandikira, ankakuuza kuti ukupondera kunja chifukwa ukusungira chikang'a cha pachidendene, ndipo bondo lako silifika mwezi wamawa. Ukanyozera, bondo linkatupadi. Zitachitika kangapo, anthu adayamba kunong'onezana kuti mkuluyo ali ndi diso loipa, akayang'ana mwendo ndiye kuti waulodza. Ena ankalambalala kudzera m'tchire, kulolera kubayidwa ndi chitedze. Enafe tinkafika pamsukupo titaumitsa thupi, kuponda bwinobwino ngati asilikali, tikangopitirira n'kuyambanso kutsimphina. Ine ndidabisapo munga m'phazi masiku atatu chifukwa choopa kuitanidwa.

Koma zikakuthina unkapita komweko, nanga ukadapita kuti? Ankakugoneka pamphasa, n'kukuthowa ndi masamba owiritsa mpaka khungu kufiira, kenaka n'kulowetsa chala chawo chachikulu m'katumba ndi mafuta a nsatsi. Chala chimenecho chinkapeza pamene pakuwawa iwe usananene, ndipo chikapeza sichinkachoka. Amuna a ndevu ankaitana amayi awo. A Mbewe ankati pakamwa m'pamene pamanama, mwendo sudziwa bodza. Ankatinso ululu wa pabondo kawirikawiri ndi mlendo, kwawo n'kuphazi kapena m'chiuno, tsono wothamangitsa mlendo osatseka kumene akuchokera akungodzivuta. Ankatikalipira tikanyamulira phewa limodzi ulendo wonse. Ankatikalipiranso tikangotula machila n'kukhala pansi thukuta lisanaume: ankati tiyendeyende kaye, mitsempha isauzidwe modzidzimutsa kuti ntchito yatha. Mawu oti kuthamanga si kufika tidawamva mpaka kutopa nawo.

Zonsezi zidali zazing'ono. Chimene anthu ankachiopa kwenikweni chidali nkhuku.

Munthu akathyoka fupa, abale ake ankabwera ndi thadzi. A Mbewe akatha kulumikiza fupalo ndi kulimanga ndi timabango tolukidwa ndi luzi, ankatenga nkhuku ija n'kuzungulira nayo kuseri kwa nyumba, kumene wina aliyense sankaloledwa. Pang'ono unkamva thyo! nkhuku n'kulira. Ankabwera nayo mwendo umodzi utapindidwira m'mwamba, utamangidwa ndi timabango tofanana ndi ta wodwalayo, n'kuivundikira m'chitete pafupi ndi mphasa yake. Lamulo lidali limodzi: mwendo wako ndi wa nkhukuyi tsopano ndi umodzi, tsiku limene iyo idzaponde pansi ndi limene iwe udzaponde. Munthu wina wa cha ku Mponela adatsogola nkhuku yake kuponda pansi, fupa n'kupolera pambali. A Mbewe adalithyolanso, amuna anayi atamukanikiza, ndipo kukuwa kwake kudamveka mpaka kudambo. Nanga nkhukuyo itafa? Funso limenelo palibe adalifunsapo pamaso pawo. Kunkangoyenda mbiri ya munthu wina amene nkhuku yake idagwidwa ndi vumbwe, mwendo n'kuola mpaka m'ntchafu, ngakhale dzina lake ndi mudzi wake palibe ankazidziwa.

Nkhani ya nkhukuyi ndiyo idawadanitsa ndi aphunzitsi a pasukulu yathu ya mishoni. Aphunzitsiwo adalalikira Lamulungu lina kuti kumanga moyo wa munthu pa mwendo wa nkhuku ndi ntchito za mdima, ndipo Mkhristu wopezeka pamsuku paja adzaimitsidwa kalasi ya ubatizo. Miyezi itapita, aphunzitsi aja adagwa panjinga n'kubinya kakolo, ndipo adafika kwa a Mbewe podzera m'munda wa mapira, masana anthu ali kudimba. Mkuluyo adawatikita bwinobwino, koma potsazikana adawaperekeza mpaka pamsewu, n'kufuula kuti mudzi wonse umve, "Muyende bwino, aphunzitsi! Mawa mudzere njira ya anthu, mapira anga mwandipondera!" Ndi makapitawo a machila ndiye ankakangana chaka chonse. Kapitawo akabwera kudzatenga munthu wake asanapole, ankamuuza kuti anyamule yekha mzunguyo, popeza miyendo yake n'njosagwira ntchito.

Tsoka langa lidandipeza ndili wapatsogolo pa machila a mzungu wina woyeza misewu. Wapatsogolo ndiye amasankha popondera, ndiyenso amayambitsa nyimbo, ndipo ine ndinkanyada nazo mopitirira. Idali nthawi ya mvula, chimanga chitangomasula. Tinkatsetsereka kulowera kukamtsinje kena kuseri kwa Nachisaka, dothi lofiira lili tereretere. Phazi langa lidalowa pakati pa miyala iwiri, anzanga akumbuyo osaona, ndipo mtengo wa machila ndi mzungu yemwe zidandikankhira kutsogolo. Ndidamva thyo! ndisanamve kuwawa. Poyang'ana pansi, phazi langa lidali litaloza kwina.

Mzunguyo sadali munthu woipa. Adadzuka m'matope, n'kunena m'Chinyanja chake chopotokapotoka kuti andinyamulire kwa dokotala kumishoni, ulendo wa tsiku ndi theka. Atangotchula dokotala, ine ndidakana. Tonse tinkamudziwa munthu wina amene adapita kumeneko ndi miyendo iwiri n'kubwerako ndi umodzi. Lero ndikudziwa kuti mwendo wa munthu uja udali utaola kale, ndipo mpeniwo ndiwo udamupulumutsa. Koma nthawi imeneyo tinkangodziwa kuti kwa dokotala amadula. Ndidagwira nsalu ya mnzanga n'kumupempha kuti andipititse kwa a Mbewe.

Atandiona sadadabwe. "Si iwe unkabisa munga uja?" Adatero basi, n'kuitanitsa chingwe. Adandimanga m'khwapa n'kukoleka chingwecho pa thunthu la msuku, amuna awiri n'kugwira phazi kumakoka. M'kamwa adandiika kamtengo. Ndikukumbuka zala zawo zikuyenda pamsongolo pang'onopang'ono, maso atatsinzina, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera munthu wolankhula chapansipansi. Kenaka adakanikiza. Za pambuyo pake sindikuzidziwa. Potsitsimuka ndidapeza mwendo uli m'timabango, mkazi wanga Nangondo atagwada poteropo ndi thadzi lathu lamawangamawanga m'manja. A Mbewe adalilandira n'kuzungulira nalo kuseri. Phokoso lija litamveka, ndidalimva m'fupa langa lomwe.

Adandigoneka m'chisakasa cha pambali pa nyumba yawo, chitete chili pamaso panga. Ndikuvomera kuti masabata amenewo ndidayang'ana nkhuku imeneyo kuposa mmene ndidayang'anirapo mkazi wanga. Ikasiya kujompha gaga, nanenso chakudya chinkandikanika. Ikatsinzina masana, ndinkagogoda chitete ndi kamtengo kuti ndione ngati ili moyo. Woigwira adali a Mbewe okha. M'mawa uliwonse ankapita nayo kuseri, amati kukaithira mankhwala, n'kuibweza ili chimangire.

Sabata yachitatu kudabwera kapitawo wathu. Adati bwana akunyamuka ulendo wautali, ndipo ngati sindidzuka malo anga apatsogolo apatsa wina. Nthawi imeneyo ululu udali utatha, mwendo ukungoyabwa.

"A Mbewe," ndidatero, "ine ndikumva bwino. Ndingoyesa kuima pang'ono chabe."

Adangoloza chitete ndi milomo. Nkhuku idali itaima ndi mwendo umodzi ikundiyang'ana chammbali, ndipo ine ndidagonanso. Kapitawo adachoka akutukwana.

Patangopita masiku anayi, a Mbewe adalawirira kuphiri kukasenda makungwa. Dzuwa lili paliwombo kudamveka kuti asilikali a msonkho ali m'njira. Monga mwa masiku onse, amuna adathawira m'mapiri, amayi n'kukusa mbuzi kulowa nazo m'chimanga. Mudzi udangoti zii. Ndidatsala ine ndi nkhuku.

Msilikali mmodzi adatulukira pamsuku. Malankhulidwe ake sadali a kuno, ndipo ankaoneka kuti ali ndi njala. Adayesa kuthamangitsa nkhuku za pabwalo, zonse n'kumubalalikira. Kenaka adaona chitete.

"Bambo, chonde," ndidatero, "imeneyo ayi. Tengani chilichonse, imeneyo ndi mwendo wanga."

"Mwendo wako uli ndi nthenga?" Adaseka, dzanja lili kale m'chitete.

Ndidafotokoza, ndidalira, ndidamulonjeza mbuzi imene ndidalibe. Ndidatsamira zigongono kuti ndidzuke, koma kudzuka kudali kutsogola nkhuku, kusadzuka kudali kuisiya ife. Ndili pakatikati pomwepo, iye adaiponda mapiko n'kuicheka pakhosi. Magazi adadonthera mpaka pamphasa panga. Poinyamula adaona timabango tija. Adalavula, nati zamankhwala iye sadya, n'kudula mwendowo pamfundo ndi mpeni womwewo. Adauponya osayang'ana, ndipo udagwera pafupi ndi dzanja langa.

Mantha amene adandigwira tsiku limenelo sindidawamveponso, ngakhale pamene mkango udatitsata usana wonse m'njira ya kunyanja. Mwendo wanga udazizira kuyambira kuzala. Ndinkamva kuzizirako kukukwera, kufika pabondo, kupitirira. Ndidayesa kugwedeza chala chachikulu, osatheka. Ndidayamba kumva fungo la chinthu choola, ndipo ndikadalumbira pamaso pa aliyense kuti likuchokera m'timabango.

Anthu atabwerera, adaima patali monga amachitira pamaliro a nthenda yoopsa. Nangondo ataona kamwendo kaja adagwa pansi n'kuyamba kulira maliro enieni. Alamu anga, mlongo wake wa Nangondo, ndiwo adalankhula.

"Nkhukuyi aidula pawiri, pakhosi ndi pamwendo. Alamu, sankhani nokha. Tikachedwa imfa ikwera kufika pakhosipo. Tiyeni kwa dokotala lero lomwe akadule mwendowu, mwina itilekera munthu."

Ine amene ndidakana dokotala m'matope muja, tsopano ndidali kuwafulumizitsa. Adadula nsungwi ziwiri, n'kumangapo mphasa yanga, n'kundikweza pamapewa. Tidali titafika pamwala wa pamsuku pamene ndidaona mutu wa imvi ukutsika njira ya kuphiri, kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Sindidawaonepo a Mbewe akufulumira chotero.

"Tsitsani."

Alamu adayamba kufotokoza. A Mbewe adangobwereza mawu omwewo, ndipo ndidapezeka ndili pansi. Adalamula kuti aliyense, ndi Nangondo yemwe, akaime kutsidya kwa msewu. Atatsala nane adanunkhiza timabango, n'kutsina chala changa cha kuphazi.

"Ukumva?"

"Sindikumva kanthu, a Mbewe. Wafa kale."

Adathyola munga n'kundibaya kuphazi. Ndidakuwa.

"Wakufa amakuwa?"

"Ndilekeni ndipite akadule," ndidatero, misozi ili mbwembwembwe. "Nkhuku yafa. Inu nomwe mudati mwendo wanga ndi wake ndi umodzi. Mukandikaniza lero, mawa ndikwawa ndekha."

Adandiyang'ana kumaso, ndipo ndikhulupirira kadali koyamba. Chimene ndidaona chidandisokoneza: mkuluyo ankaopa. Adatembenukira kumsewu kuona ngati anthu ali patali ndithu. Kenaka adatola kamwendo ka nkhuku kaja, n'kumasula luzi ndi mano, timabango n'kugwa. Adakaika m'dzanja langa n'kufumbatitsa zala zanga.

"Papasa. Yambira kumwamba mpaka kuzala. Undiuze pamene padathyoka."

Ndidapapasa kawiri, katatu. Fupa lidali losalala, lowongoka, lopanda ndi kamfundo komwe.

"Chibadwire sindidathyolepo nkhuku ine," adatero motsitsa mawu. "Limalira kuseriku ndi phesi la mapira. Nkhuku ndimangoitsina kuti ikuwe. M'mawa ndimakaimasula kuti iwongole mwendo, ingapuwale, n'kuimanganso. Imadzaponda tsiku limene zala zanga zandiuza kuti fupa la munthu lagwira."

Ndidayang'ananso kamwendo kaja, iwo n'kupitiriza.

"Inu othamanga simumva. Ndikati gona miyezi iwiri, mumavomera ndi pakamwa, ululu ukangotha mwadzuka. Mkazi akulira njala, kapitawo akuitana, anzako akuimba pamsewu. Ine mumandiopa, koma mantha ake sakwana kukugonekani. Nkhuku ndiye mumaiopa."

Atatero adakweza nsalu yawo mpaka pabondo, ndipo ndidauona mwendo uja. Pamsongolo padali chotupa cholimba ngati nkhonya, fupa litapitirirana n'kupolera momwemo. Adandiuza mwachidule kuti ali mnyamata adagwidwa ndi Angoni, n'kumawanyamulira zishango ndi kamba paulendo. Adagwera m'chigwembe. Nkhalamba ina ya Chingoni idawalumikiza bwino lomwe, n'kuwauza kuti agone. Koma iwo ankaopa kuti kapolo wogona amasiyidwa m'tchire, ndipo tsiku lakhumi adadzuka n'kusenza katundu. Luso adaliphunzira kwa nkhalamba yomweyo pambuyo pake. Za nkhuku adaziganiza okha.

"Tsopano iwe ulibe nkhuku," adatero. "Chikugoneke n'chiyani?"

Ndikadayenera kusangalala, koma funsolo lidandiopsa kuposa mpeni wa msilikali. Kuzizira kuja kudali kutachoka, chala chikugwedezeka, fungo litatha. Chotsala pakati pa ine ndi mwendo wonga wawo chidali mtima wanga wokha, ndipo mtima wangawo ndinkaudziwa bwino.

"Ndipo tamvera," adawonjeza. "Ukanena zimenezi, wathyola miyendo ya anzako onse obwera pambuyo pako. Udzanene ine atandifotsera."

Adaitana anthu aja. Adawauza kuti imfa yapita ndi msilikali m'mimba mwake, mwendo wanga ausamutsira pa nkhuku ina, ndipo alamu apereke thadzi lawo popeza ndiwo adafulumira kudula nsungwi. Adazungulira nalo kuseri. Thyo! Amayi adagwira pamtima. Ine ndidamva phesi, ndipo ndidadabwa kuti zaka zonsezo khutu langa lidali kuti.

Masabata otsatirawo ndiwo adali owawa. Gulu langa lidadutsa pamsewu likuimba nyimbo yanga, wapatsogolo ali wina. Nkhuku yatsopano inkandiyang'ana m'chitete, ine n'kumadziwa kuti ilibe kanthu. Kawiri konse ndidaika manja pansi kuti ndidzuke a Mbewe atatembenuka. Sadandikalipire. Chimene adachita n'chakuti kuyambira tsiku lija, akakhala pakhomo ankapinda nsalu yawo mpaka pabondo, n'kumadutsadutsa pamaso pa chisakasa changa popanda chifukwa: kukatenga chikho, kukabweza chikho, kukathamangitsa mbuzi imene sidalakwe. Munthu amene adabisa mwendowo moyo wake wonse ankauyendetsa pamaso panga tsiku ndi tsiku, anthu odutsa akuona. Ndinkauyang'ana, n'kubweza manja.

Tsiku limene nkhuku idaponda, mudzi wonse udabwera kudzaonerera, ndipo Nangondo adalulutira. Ine ndidaganiza kuti zatha, osadziwa kuti ndiye zikuyamba. Mwendo udatuluka m'timabango utaonda ngati wa mwana. A Mbewe adandiyambitsa kuima m'madzi ofika m'chiuno kumtsinje, nditagwira nsungwi. Kenaka kuyenda mumchenga. Kenaka kuponda dothi lomatira nkhokwe zawo, ndipo ndikukayika ngati nkhokwezo zinkafunikadi kumata. Adandikweretsa chitunda cha kuseri kwa mudzi chambuyo, ana akundiseka. Adandisenzetsa mtengo wa machila wopanda kanthu, pambuyo pake wokolekapo thumba la mchenga, iwo ali pamwala pawo kuyang'ana mapazi. Tsiku lina ndidadutsa pamsuku ndikuthamanga ndipo sadandiitane. Ndidadziwa kuti ndachira. Ndidabwerera ku machila chaka chomwecho, ndipo ndidathamanga zaka zambiri mpaka misewu itayamba kudzaza njinga.

Chinsinsicho ndidachisunga, ndipo sichidali chopepuka. Ndidakhala mmodzi wa okoka phazi pamsuku paja. Ndinkaona mnzanga akunjenjemera phesi likalira, ine n'kuweramitsa mutu ngati nanenso ndagwidwa nthumanzi. Nkhani ya munthu wa vumbwe uja, amene ndikuganiza kuti sadabadwe n'komwe, ndidaifotokozapo ndekha kwa odwala atatu, ndikuwonjezera ndi mphutsi. Nditabatizidwa zinkandivuta mumtima, makamaka aphunzitsi akafika pa lamulo la umboni wonama. Koma ndikayang'ana m'tchalitchi momwemo ndinkaona miyendo yowongoka imene bodzalo lidagoneka, ndipo ndinkangokhala chete. Ngakhale Nangondo adzazidziwa pomva wina akumuwerengera pepala lino.

A Mbewe ana adalibe, ndipo wophunzira sadasiye. Adayesapo kundiphunzitsa. Ankathyola fupa la mbuzi, n'kulikulunga m'chikopa chonyowa, n'kundiuza kuti ndilumikize nditatsinzina. Nditalephera kachisanu adandilanda, nati zala zanga n'zogontha. Sadanene mwachipongwe. Adakhala nthawi yaitali akuyang'ana manja awo, amene adali atayamba kunjenjemera ndi ukalamba.

Patapita masiku awiri chiikire maliro, anthu adabwera ndi wothamangitsa makalata wina amene adagwa pa mlatho wa mitengo. Sadamve kuti a Mbewe adatisiya. Adamugoneka pansi pa msuku monga mwa chizolowezi, mayi ake atafungatira thadzi loyera. Atauzidwa, onse adatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkakoka phazi. Ndidagwada n'kuika zala pamsongolo wake. Ndidatsinzina, ndidapendeketsa mutu. Sindidamve kanthu koma kutentha ndi kunjenjemera kwa munthuyo. Luzi ndimadziwa kumanga, phesi ndimadziwa kuthyola, koma pansi pa zonsezo pankayenera kukhala zala zija.

"Mayi, itayeni nkhukuyo," ndidatero. "Tiyeni naye kwa dokotala."

Mnyamatayo adayamba kulira kuti akamudula, ndipo ndidalibe chomulonjeza. Ndidagwira nsungwi zapatsogolo ndekha, ndi imvi zangazi, ndipo mwendo umene a Mbewe adalumikiza uja udandifikitsa kumishoni osadandaula. Tidamusiya m'manja mwa dokotala ndi miyendo yake iwiri. Ngati adzabwere nayo yonse, sindikudziwa.

Ndabwerako dzulo, ndipo ndidadzera pakhomo paja. Nyumba adaigwetsa kale monga mwa mwambo, chatsala ndi chisakasa chopendekeka. Pa thunthu la msuku pali mzere wosalala pamene chingwe chinkadya khungwa. Mwala uli pomwepo, ndipo amtengatenga awiri amene adandipitirira adaumitsa thupi podutsa, kuponda bwinobwino, ngakhale padalibe wowayang'ana. Chitete chagona chammbali, ndipo thadzi loyera lija likupalasa pafupi ndi miyendo yake iwiri. Ndidazungulira kuseri, kumene sindidapondeko chibadwire. Padalibe nyanga, padalibe mphika wa mankhwala. Pansi pa phale ndidapeza kamtolo ka mapesi a mapira, odulidwa mofanana, ouma bwino, omangidwa ndi luzi kudikira odwala amene sadafike. Ndidasolola limodzi n'kulithyola. Ndidali ndekha, dzuwa lili phwee, ndipo ndinkadziwa chimene ndagwira m'manja. Komabe msongolo wanga udazizira mpaka pabondo.